Kompyuta ya Atate Yokhala M'kati mwa Yanga

Atate anaphunzira kompyuta ali ndi imvi kale. Anali atapuma pa ntchito ya uphunzitsi, koma kwaya ya mpingo wathu ku Mlolo anakana kuisiya, ndipo panalibe amene akanayerekeza kuwalanda. Sukulu ina itataya makompyuta ake akale, iwo anapempha imodzi, naikweza pa njinga ataikulunga m'bulangete. Poti kumudzi kulibe magetsi, anaibweretsa m'kasitolo kanga ku boma la Chadiza, momwe ndimataipa makalata a anthu ndi kupanga mafotokope. Malo sanandipemphe. Anangosuntha benchi la makasitomala n'kuika chinthu chawo pakona.

M'kompyutamo munali pulogalamu yolembera nyimbo. Unkalemba do, re, mi za mawu onse anayi, sopulano, aluto, tenala ndi besi, ndiye iyo inkakuimbira ndi kamawu kake kopyapyala, gulu limodzi palokha kapena onse pamodzi. Atate anaikonda pulogalamuyi kuposa ife ana awo, ndipo ndikunena poyera chifukwa ndinawauzapo pamaso. Ankapalasa njinga kuchokera ku Mlolo n'kukhala pakonapo tsiku lonse, makasitomala anga ataimirira. Ine ndinkang'ung'udza, iwo osamva. Papepala sankasindikiza kanthu. Ankati kwaya yoimba ikuyang'ana pepala imamveka ngati ikuwerenga mitengo ya feteleza. Nyimbo ikapsa ankaisenza m'mutu kupita nayo kumudzi, n'kukaiphunzitsa pakamwa, gulu lililonse pansi pa mtengo wake.

Kenako kompyuta ija inafa. Inayamba ndi kununkha waya wopsa, tsiku lina inangoti zii. Wokonza mawailesi wa pamsika anaitsegula, anapukusa mutu, n'kuitsekanso. Atate anakhala pampando chipewa chili pabondo, akungoiyang'ana. Ndinachita mantha, chifukwa sindinawaonepo atafooka chotero chimwalirire amayi.

Amene anatipulumutsa ndi mng'ono wanga. Iye amagwira ntchito ku Lusaka, yosamalira makompyuta akuluakulu a kampani ina, ndipo kwathu timangoti amagwira za makompyuta, poti akayamba kufotokoza tonse timayasamula. Atabwera pa tchuthi anatsegula chibokosi chakufacho, anazulamo disiki, kachitsulo kosungira zonse, nati iyi ili moyo. Anakopera zonse za m'menemo kukhala fayilo imodzi yaikulu pa laputopu yanga ya m'sitolo. Kenako anaikamo pulogalamu ina imene ntchito yake ndi kuyerekeza kukhala kompyuta. Ukadina kachithunzi kamene anatiikira, pankatseguka kawindo kakuda, ndipo posakhalitsa kompyuta ya atate inkadzuka m'kati mwa yanga, kulira kwake komwe kuja, nyimbo zonse zili m'malo mwake. Iyo sinkadziwa n'komwe kuti thupi lake lili pansi pa tebulo, ndikusungiramo mapepala otha ntchito.

Atate anayang'ana, anadina nyimbo imodzi, ndipo itatha anangoti, "Besi yatsika pang'ono." Sinatsike ayi. Kumeneko kunali kuthokoza kwawo, ndipo mng'ono wanga anamva.

Kuseri kwa kachithunzi kaja kunali mzere umodzi wa malangizo umene iye analemba. Mzerewo unkauza kompyuta yongoyerekezayo kuti disiki ya atate ili pati ndipo iilumikize bwanji. Ine sindinkauona, monga momwe sindionera mapaipi a madzi pansi pa msewu. Zinayenda bwino kwa nthawi ndithu, kupatula kuti tsopano atate ndi ine tinkalimbirana laputopu imodzi, ndipo wopambana anali wodziwikiratu.

Ulendo wina mng'ono wanga anabweranso, naika zatsopano m'pulogalamu yoyerekezayo. Kuyambira pamenepo kawindo kakuda kanayamba kulankhula. Kompyuta ya atate isanadzuke, pankabwera mzere wa Chingerezi, wakuti njira imeneyi yotchulira disiki ndi yakale, idzachotsedwa m'tsogolo, yambani kugwiritsa ntchito yatsopano. Ndinamuimbira foni. Anandifotokozera kuti anthu amene amakonza pulogalamuyo, omwe ali m'mayiko osiyanasiyana ndipo ambiri sadziwana nkhope, anagwirizana zosiya kanenedwe kakale chifukwa kankawasokonezera ntchito. Koma ali ndi lamulo lawo: sachotsa chinthu mwadzidzidzi, amayamba achenjeza kwa nthawi yaitali kuti aliyense akonzeke. Mng'ono wangayo anati akadzabwera adzalemba mzere wa malangizo uja mwatsopano, si ntchito yaikulu.

Ndinawauza atate. Anandifunsa osachotsa maso pa sikirini.

"Kodi lero yakana?"

"Ayi, sinakane."

"Ndiye isiyeni."

Ndiwaikire kumbuyo pang'ono atate, ndi ine ndemwe. Kwathu mlendo akati ndapita, sumudzukira. Amanena koyamba, mumamupatsa mtedza. Amanenanso, nkhani ya maliro a kutsidya n'kuyambika. Mwina dzuwa likapendeka m'pamene amatenga njinga yake. Chenjezo lija linkatsanzika tsiku lililonse koma osachoka, ndiye tinalitenga ngati mlendo wa kwathu. Tinafika polizolowera, moti likanati lisaoneke tsiku lina ndikanadabwa.

Pa nthawi imeneyo mpingo wa ku Mlolo unali ukumanga tchalitchi chatsopano. Chakale chinali chitang'ambika pakona, ndipo nthawi ya mvula akulu a mpingo ankakhala ndi mabeseni pamapazi. Anthu anaumba njerwa, anaziotcha, anakweza makoma, kenako zinaima podikira malata. Atate anayamba kupeka nyimbo yodzatsegulira tchalitchicho. Imeneyi anaibisa. Ankaika zomvera m'makutu kuti ngakhale ine ndisamve, ndipo a kwaya akawafunsa ankati adzaiphunzira denga likadzakwera, poti nyimbo yophunziridwa msanga imafika pa tsiku lake itasasa.

Denga lisanakwere, atate anagwa m'munda wa mtedza. Anali sitiroko. Atatuluka m'chipatala, dzanja lamanja ndi mwendo zinali zitafa, ndipo mawu anali atapita. Kumva ankamva chilichonse, maso ali gwa monga kale, koma pakamwa pankangotuluka kubuula. Munthu amene ankadzudzula anthu makumi anayi ndi liwu limodzi tsopano ankalozera kapu ya madzi.

Anawatenga ndi azakhali, mlongo wawo, amene nyumba yawo ili moyang'anana ndi ya atate. Azakhaliwo ndi munthu wamfupi, wa mawu okuluwika ayi, amangokuuza. Ankawasambitsa, kuwadyetsa phala, kuwatulutsa pakhonde m'mawa ndi kuwalowetsa dzuwa likatentha. Ine ndinkapita Loweruka ndi sopo ndi shuga, n'kubwerera ndikudziona ngati ndagwira ntchito.

Pa Khirisimasi mng'ono wanga anabwera, tonse tinakhala pakhonde la azakhali, atate ali pampando wawo wa ndalema. Iye, poti anazolowera za m'tauni zokamba chilichonse poyera, ananena mapulani ake. Anati mawa apita ku boma akakonze mzere uja, akakopere nyimbo za atate pena, ndipo akasindikize zonse kuti kwaya ikhale nazo, ifenso aliyense akhale ndi zake.

Azakhali anasiya kusenda chinangwa.

"Aliyense akhale ndi zake?"

"Eya azakhali, kuti zisatayike."

"Mwayamba kugawana katundu mwini wake ali pompano? Uyu mukumuonayu ndi mtembo? Njinga yake ili m'nyumba, jekete lake lili pa msomali, palibe wakhudza. Inu mwaona kuti muyambire nyimbo."

Mng'ono wanga anayesa kufotokoza kuti kukopera si kutenga, chinthucho chimatsala pomwe chinali. Azakhali anati nawonso amene amayamba kuyeza munda wa wodwala ndi mapazi amati sakutenga, akungoyenda. Kwathu zinthu za munthu sizisunthidwa iye akadali moyo, ngakhale atadwala bwanji. Ukatero ndiye kuti wamuika kale m'manda mumtima mwako, ndipo anthu amakuona. Tinayang'ana atate. Anali atatsinzina, msozi ukutsika mbali yakufa ija ya nkhope. Mpaka lero sindidziwa ngati ankalirira mawu a mng'ono wanga kapena a azakhali. Tinalonjeza pomwepo, pamaso pawo, kuti za atate sitikhudza.

Pobwerera ndinapsa mtima njira yonse. Ndinkati azakhali sadziwa kusiyana kwa fayilo ndi mbuzi. Mng'ono wanga, yemwe ndi amene anakalipiridwa, anangoti, "Asisi, asiyeni. Koma laputopuyo musaikemo zatsopano mpaka tidzagwirizane." Ndinavomera, ndipo kompyuta ya atate sindinaidzutsenso. Kachithunzi kake kankangokhala pakona ya sikirini.

Patapita miyezi, makina anga osindikizira anatha. Ndinagula ena ku Chipata, koma anakana kugwirizana ndi laputopu. Bambo wa m'sitolo yomwe ndinagulamo anati laputopuyo yatsalira kwambiri, mpofunika kuika zatsopano zonse. Inali nyengo ya mayeso, aphunzitsi atandiunjikira mapepala, ndipo popanda makinawo ndikanatseka sitolo. Ndinamufunsa ngati mafayilo anga atsale, anati onse atsala, ndipo sananame. Ndinamulola kuika zatsopanozo. Za mzere uja iye sakanadziwa, nanenso m'mutu mwanga munali mapepala a mayeso okhaokha.

Malata anapezeka chaka chomwecho anthu atagulitsa thonje. Denga linakwera, tsiku lotsegulira linalengezedwa, ndipo m'mawa wina m'sitolo mwanga munalowa mayi amene anatenga kwaya atate atadwala. Anali wophunzira wawo wakale, ndipo ankawaopabe. Anati kwaya yonse ikudziwa kuti aphunzitsi anapeka nyimbo ya tsikuli. Anati akhoza kuimba ina ya m'buku, palibe angawadzudzule, koma aphunzitsi adzakhala pamenepo akumva, ndipo thupi lawo mmene likuonekera sitingadikire mwambo wina. Anapempha kungoimva kokha, kuti aitenge m'mutu monga ankachitira eni ake.

Ndinaganiza kuti kumvetsera si kukhudza, ndipo ndinadina kachithunzi kaja. Kawindo kakuda kanatseguka, kanalemba mzere umodzi, n'kutsekeka. Ndinadinanso. Chimodzimodzi. Kachitatu ndinajambula ndi foni kasanatsekeke, ndipo ndinawerenga kuti malangizo amenewa sakudziwika. Chenjezo lija panalibe. Mlendo anali atanyamuka.

Ndinamuuza mayi uja kuti abwere mawa, magetsi akuvuta, pamene babu linali likuyaka pamutu pathu. Atatuluka ndinatseka chitseko, ndinakhala pa benchi la makasitomala n'kulira. Ndinkaona kuti nyimbo zonse za atate zapita, ndi iyo yomwe sinamvekepo ndi munthu, ndipo mwini wake sangathe kuiimbanso ngakhale mzere umodzi.

Mng'ono wanga nditamuimbira anandisiya ndilire kaye, kenako anandiuza kuti nditsegule malo ena pa laputopu ndimuwerengere zimene ndikuona. Fayilo yaikulu ija inalipo, kukula kwake komwe kuja.

"Ndiye palibe chatayika, asisi. Nyumba ilipo, angotseka kanjira kakale. Tilambula kena."

"Ukunena zoona kapena ukunditonthoza?"

"Ndikanakutonthozani ndikanati Mulungu alipo. Ndikuti fayilo ilipo."

Anati anthu aja okonza pulogalamu pochotsa njira yakale analembanso poyera, pamalo pamene aliyense angawerenge, kuti amene ankalemba mwakuti tsopano alembe mwakuti. Anali atawerenga kale. Akanatha kunditumizira mzere watsopano nthawi yomweyo, ine n'kuutaipa, nkhani n'kutha azakhali osadziwa.

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma nyimboyo ikanadzamveka m'tchalitchi, azakhali ali pabenchi la kutsogolo, ndipo akanadzafunsa kuti yatuluka bwanji. Komanso lonjezo lija tinalipereka atate akumva. Ndinamuuza kuti ndipita nayo laputopu kumudzi, tikapemphe kwa eni ake. Anaseka, nati ku ntchito kwake amasintha mizere yotere yambirimbiri pa tsiku popanda kupempha azakhali a munthu, koma adikira pafoni.

M'mawa mwake ndinatchaja laputopu mpaka kudzaza, ndinaikulunga m'chitenje, ndinakwera minibasi yomwe inanditsitsa pamphambano, kwotsalako ndinakwera njinga ya hayala. Ndinapeza azakhali akuwameta atate ndevu pakhonde. Ataona chimene ndanyamula nkhope inasintha, koma anandilonjera bwinobwino, anafunsa za ana, anandipatsa madzi. Ndinadikira amalize kumeta.

Ndinagwada pafupi ndi mpando, ndipo ndinalankhula ndi atate, osati ndi azakhali. Ndinawauza kuti denga lakwera, kwaya ikufuna nyimbo yawo, koma kompyuta yawo yakana kudzuka chifukwa chenjezo lija lakwaniritsidwa. Ndinati nyimbo zili momwemo, ndipo kuti tizifikire mpofunika kusintha mzere wa malangizo. Ndinatinso mng'ono wanga akufuna tiyambe takopera fayilo yonse pa fulashi, kachipangizo kosungira mafayilo, kuti tikalakwitsa pena pasaonongeke kanthu. Ndinatulutsa kafulashiko n'kuwaonetsa.

"Nanga kameneko akasunga ndani?" anafunsa azakhali.

"Musunga ndinu, azakhali. Ndi ka atate."

Anakatenga, anakatembenuza, nayang'ana mlongo wawo. "Alongo, mwamva zimene akunena anawa. Zinthu ndi zanu. Mukafuna, nenani. Mukakana, abwerera nacho chinthu chawochi."

Atate anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso aja amene ankandichititsa kuiwala matebulo a masamu. Kenako anatambasula dzanja lamanzere, anagwira chivundikiro cha laputopu, n'kuyesa kuchitsegula. Sanathe, koma tonse tinaona.

Netiweki ku Mlolo imagwira pamjigo, osati pakhonde la azakhali. Choncho ndinasiya laputopu ikukopera, ndinatsetsereka kumjigo, ndinaimika foni m'mwamba amayi otunga madzi akundiseka kuti a ku boma abwera kudzajambula mitambo. Uthenga wa mng'ono wanga unalowa. Mzere watsopanowo unali wautali kuposa wakale, wa zigawo ziwiri. Anandifotokozera kuti kale zonse zinkanenedwa mophatikiza, koma tsopano chigawo choyamba chimanena komwe fayilo ili n'kuipatsa dzina, chachiwiri chimanena mtundu wa disiki imene kompyuta yakale iziiona. Anandichenjeza kuti ndisadumphe ngakhale kachizindikiro kamodzi. Ndinamukumbutsa kuti ndakhala ndikutaipa makalata a m'khoti iye akadali kuyamwa chala.

Nditabwerera, kukopera kunali kutatha. Azakhali anamanga kafulashi pakona ya chitenje chawo, mfundo ziwiri. Ndinataipa mzere uja mosamala, ndinaubwereza kuuwerenga, n'kudina. Kawindo kakuda kanatseguka ndipo sikanatsekeke. Kompyuta ya atate inayamba kudzuka. Kenako sikirini yonse inasanduka yabuluu, yodzaza zilembo zoyera, n'kuima.

"Ndinanena ine," anatero azakhali, osakweza mawu.

Ndinathamangiranso kumjigo, tsopano osasamala za ondiseka. Mng'ono wanga atamva za sikirini yabuluu anati cholakwa ndi chake. Mwachizolowezi cha ku ntchito, anali atalemba mtundu wa disiki wamakono, wothamanga, umene kompyuta ya atate sinauonepo chibadwire. Inadzuka, inafufuza disiki yake, inapeza chachilendo, n'kukomoka. Ndinamufunsa ngati anthu aja sanauchotsenso mtundu wakalewo. Anati ayi, anachotsa kanenedwe kokha, koma disiki ya mtundu wakale anaisiya dala, chifukwa amadziwa kuti kuli anthu amene akusungabe makompyuta okalamba. Ananditumizira mawu ochepa oti ndisinthe m'chigawo chachiwiri.

Pokwera kamtunda kobwerera ndinkaganiza za anthu amenewo. Sindidziwa dzina la mmodzi yemwe, ndipo iwo za Mlolo sanamvepo. Koma anatichenjeza kwa nthawi yaitali ife osamva, anatilembera njira yatsopano, natisiyiranso chinthu chakale chimene iwo eni sachifuna. Ndakhala ndikuchita ndi maofesi moyo wanga wonse, ndipo ambiri amasintha fomu usiku umodzi n'kukubweza pakhomo ngati wapalamula. Anthu awa ndimawathokoza, ndipo ndilibe kokawapeza kuti ndiwauze.

Batire linali litatsika kupitirira theka. Ndinasintha mawu aja n'kudina. Kompyuta ya atate inadzuka mwaulesi monga mwa masiku onse, inalira kulira kwake, ndipo atate anadzidzimuka pampando. Ndinaika laputopu pa kampando patsogolo pawo. Nyimbo zinali m'ndandanda wake, ndipo yomaliza inali ndi dzina lakuti Denga, basi. Ndinawayang'ana, anagwedeza mutu, ndinaitsegula.

Kamawu kopyapyala kaja kanayamba kuimba pakhonde, mawu onse anayi. Ine za nyimbo sindidziwa zambiri, ndinathamangitsidwa mu aluto ndili mtsikana, ndi atate omwewa. Koma iyi inandigwira. Inayamba pansi ndi besi yokha, ena n'kumalowa mmodzimmodzi. Azakhali anakhala pamphasa manja ali pamiyendo. Mayi wina wodutsa ndi ndowa pamutu anaima pamsewu.

Itafika pamzere wachitatu, atate anamenya mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere. Ndinaimitsa, poganiza kuti china chawapweteka. Azakhali anadzuka kukatenga madzi, koma atate anakankha kapu, nalozera sikirini akubuula. Ndinayambitsanso. Pamalo omwewo anamenyanso, mwamphamvu.

"Pali chimene sakuchifuna," anatero azakhali. "Usawayang'ane ngati wodwala, afunse."

Ndinaimba sopulano yokha, anakhala chete. Aluto, chete. Tenala itafika pamzere wachitatu, mpando unalira. Ndinayamba kuyendetsa kacholozera pa zilembo za mzerewo, chimodzichimodzi, ndikuwayang'ana kumaso. Nditafika pa mi wina chakumapeto, anandigwira pamkono. Dzanja limenelo linali ndi mphamvu kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinafufuta mi n'kulemba re, ndinaimba. Anatembenuzira nkhope kumbali monga ankachitira mwana akayankha zopusa m'kalasi. Ndinafufuta re n'kulemba fa. Anamvetsera atatsinzina, anatulutsa mpweya wautali, nandisiya mkono.

Ndinaimbanso onse anayi pamodzi. Kunena zoona, ine kusiyana ndinakumva pang'ono chabe. Koma azakhali, amene aimba m'kwaya ya amayi zaka zonsezi, anati, "Eya, pamenepo panali pouma."

Potseka, pulogalamu inafunsa ngati tisunge zimene zasinthidwa. Ndinazengereza, chifukwa uku tsopano kunali kukhudza kwenikweni. Ndinayang'ana azakhali. Iwo anandilozera kwa mwini wake ndi chibwano. Ndinanyamula laputopu n'kuiika pamiyendo pa atate, ndinawasonyeza batani lake, ndipo anadina okha.

Azakhali anatola lumo ndi beseni lometera, ndipo polowa m'nyumba anaima pakhomo. "Mukanasindikiza pa Khirisimasi paja, mukanasindikiza yolakwika," anatero. "Munthu akadali pa ntchito."

Miyezi yonse ija ndinkawaona azakhali ngati chopinga. Koma tonse, ine, mng'ono wanga, a kwaya, ngakhale abusa, tinali titayamba kulankhula za atate ngati munthu wakale, tikumati ankakonda chakuti, ankanena chakuti, iwo ali pomwepo akumva. Azakhali okha ndi amene anakana. Za fayilo analakwitsa, ndipo ndidzanenabe kuti analakwitsa, koma za mlongo wawo ankadziwa kuposa ife. Ndimawathokoza, ngakhale kuwauza pamaso ndinayamba ndazungulira kwambiri.

Madzulo ake ndinapitanso kumjigo kukamuuza mng'ono wanga. Nditafika pa nkhani ya fa ndinamva akufwenthera. Anati ali mu ofesi, anthu akumuyang'ana, adzaimbanso. Mwana ameneyu anatisungira atate kawiri konse, ndipo sanatiwerengerepo.

Mayi wa kwaya anabwera m'sitolo masiku otsatira, anakhala pakona paja, namvetsera gulu lililonse mpaka analitenga m'mutu. Papepala sitinasindikize, poti mwini wake sanalole. Loweruka lililonse ankabweretsa kwaya pabwalo la azakhali kuti aphunzitsi amve, ndipo mpando uja unamenyedwa kokwanira. Abesi ena achikulire anandidandaulira kuti ankayesa apumula.

Tsiku lotsegulira tchalitchi atate tinawatengera pangolo, atavala jekete lawo, azakhali atawagwirira kumbuyo. Anawakhazika kutsogolo, pafupi ndi akulu a mpingo. Malata atsopano ankathetheka ndi dzuwa, anthu atadzaza mpaka m'mawindo. Besi inayamba yokha, ena analowa mmodzimmodzi. Ine sindinkayang'ana kwaya, ndinkayang'ana dzanja lamanzere la atate. Atenala atafika pamzere wachitatu anaimba fa, ndipo dzanjalo linakhala pomwe linali.